Mkulu Wobwereketsa Galu

Mkulu woyandikana nyumba ndi Tsveta satulukanso panja. Amangokhala pazenera, miyendo ili m'bulangete, galu wake atagona pambali. Anthu amati kale ankathamanga m'mipikisano, koma mwiniwake sazitchula. Chimene amachidziwa bwino n'kuwerenga nkhope za achinyamata akamaweruka kusukulu. Akaona wina atazyolika, amagogoda galasi. "Chisoni chimakonda munthu wokhala pansi," amatero. "Mundifunse ine."

Mlungu umene amayi ake a Tsveta anapita kukagwira ntchito ku Italy, mtsikanayo anasiya kudya, ngakhale banitsa, chitumbuwa chotentha cha tchizi cha azakhali ake, sankayiyang'ana. Mkuluyo anamuitana.

"Iwe, galuyu wandisowetsa mtendere. Kathamange naye kumtsinje."

"Ndatopa, agogo."

"Watopa ndi chiyani, kukwinya nkhope? Gwira chingwechi."

Galuyo anamukoka mpaka kumtsinje wa Maritsa. Tsveta anayamba ndi kumukalipira, kenako analira akuthamanga, mphepo n'kumaumitsa misozi. Anabwerera ali wefuwefu, matope mpaka m'mawondo, akuseka yekha, njala itamugwira ngati wagona ndi njala masiku atatu.

Mkuluyo sanafunse za amayi ake a Tsveta. Anakumbatira galu uja, nanunkhiza ubweya wake wonyowa kwa nthawi yaitali.

"Kunsi kwa mlatho kuja, njira idakali yadothi?"

"Eya, agogo."

"Mawa ukadzere komweko," anatero motsitsa mawu, maso ali kumtsinje kumene sangafikeko. "Ukavule nsapato. Udzandiuze mmene dothilo likumvekera kumapazi."