Mbewu ya Mbatata ya pa Chilumba

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene dzuwa linapsereza mbewu yathu ya mbatata. Kwathu ku Nselema chimanga chinali chitakanika kale, ndiye maso onse anali pa mbatata. Mvula itagwa amayi anaunga mizere, koma chobzala panalibe. Midzi yoyandikana nayonso inali manja lende.

"Saidi, upite ku Liwonde kwa amalume ako," anatero amayi. "Pa chilumba mbewu siuma. Ukabwere nayo yamoyo."

Ndinakwera lole ya amalonda. Liwonde ndinamuona ngati mzinda waukulu: mabasi, masitolo, mawailesi, anthu okuwa ngati pali ndewu chonsecho akungogulitsa nsomba. Amalume, Che Wadi, ndinawapeza padooko la mtsinje wa Shire. Anali munthu wouma thupi, wosachulutsa mawu. Anandikweza m'bwato, ndipo popalasa ankagogoda m'mbali mwa bwatolo ndi nkhafi kuti mvuu zidziwe kuti kukudutsa anthu.

Chilumbacho sichinali patali. Madenga a malata a m'tauni ankaoneka bwinobwino, koma phokoso lonse linatsala kutsidya. Ndinkangomva madzi m'bango, nkhwazi ikulira, ndi khasu la munthu mmodzi kwinakwake. Dothi linali lakuda, lozizira kumapazi. Nthochi, maungu, nzimbe, ndipo mbatata inali itayanga mpaka m'njira. Ine wochokera ku fumbi ndinangoima kukamwa yasa. Akazi awo a amalume anandiwotchera mlamba ndi chinangwa. Amalume anayala mkeka pansi pa mango nkuswali, kupemphera kwawo kwa Chisilamu, palibe chowasokoneza. Mtendere ngati umenewo sindinaupezenso kwina.

M'mawa mwake tinadula mbewu mame asanakamuke. Tinaikulunga m'masamba a nthochi, nkuiwaza madzi, nkumanga mitolo. Lole ya kwathu inkanyamuka dzuwa lisanafike pamutu. Ikakusiya, ina unkaidikira mpaka tsiku la msika lotsatira, ndipo mbewu yodula sidikira choncho.

Titalonga m'bwato, amalume anandipatsa nkhafi. Iwo anakhala pansi nkupinda manja.

"Mbewuyi ndi ya amayi ako. Uiwolotse wekha."

Kupalasa ndinali nditayesako dzulo lake m'madzi odekha a m'mbali mwa bango. Mphamvu ndinali nazo. Ndinalunjikitsa mutu wa bwato padooko penipeni, nkuyamba. Titafika pakati, madzi anali ena. Mvula ya kumtunda inali itawonjezera Shire, ndipo ankathamanga mwakachetechete. Ndinkapalasa molimba, koma dooko linkangosunthira kumbali. Tinali kupita kumunsi.

Asodzi ena ankasoka ukonde pagombe. Mmodzi anaimirira nkukuwa: "Che Wadi! Ulendo wa ku Nsanje uwo? Mukatiperekere moni!"

"Iyayi, ndalemba dalaivala watsopano," anayankha amalume. "Akuyesa kaye msewu."

Anaseka onse. Ine sindinaseke. Kutsidya lole inali italiza kale hutala, ndipo m'mutu mwanga munali mizere ya amayi, yopanda kanthu.

"Ukuyang'ana kuti?" anafunsa amalume.

"Padooko."

"Ukamaloza padooko, ukatsikira kwa eni ake. Taona mgwalangwa uwo kumtundako. Loza umenewo."

"Koma amalume, si kumene tikupita!"

"Palasa."

Ndinatembenuza mutu wa bwato nkuloza mgwalangwa uja, kutali ndi kumene ndinkafuna. Mtima unkakana, koma mawu a amalume sankabwezedwa. Ndinapalasa. Mapewa ankayaka moto, m'manja munatuluka matuza, thukuta linkalowa m'maso. Bwato linayamba kuyenda cham'mbali ngati nkhanu. Ine ndikukankhira kumtunda, Shire akukankhira kumunsi, ndipo pakati pa mkangano wathuwo dooko linayamba kubwera lokha. Bwato linakagunda mchenga pomwe tinanyamukira dzulo lake. Amalume sanagwire nkhafi ngakhale kamodzi.

Msodzi uja anathamanga kudzatithandiza kusenza mitolo. "Dalaivala wanuyu musamuchotse ntchito," anatero. Lole tinaipeza ikutenthetsa injini. Amalume anandikweza, nkundipatsa nzimbe yodyera m'njira. Sananditame. Anangoti, "Uziwaza madzi paliponse mwaima."

Mbewu inafika yamoyo. Amayi anabzala tsiku lomwelo mpaka dzuwa kulowa, yotsala nkugawira anansi. Chaka chimenecho pakhomo pathu sipanagone munthu ndi njala. Mbatata imeneyo ndinaiwolotsa ndine.

Sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma ndalera ana, ndamanga nyumba ya njerwa, ndipo sindinapemphepo chakudya pakhomo pa munthu. Munda ndimalima woposa pakamwa pa banja langa, chifukwa dzuwa lidzatengapo, anankafumbwe adzatengapo, maliro a pamudzi adzatengapo. Ulendo ndimanyamuka nthawi ikadalipo. Achinyamata a lero amaloza pomwe akufuna penipeni, amapalasa ndi mphamvu zawo zonse, kenako nkumadabwa kuti atsikira kwina. Amati awalodza. Palibe wawalodza. Madzi amatenga gawo lake, ufune usafune. Munthu wanzeru amawapatsiratu asananyamuke.