Msomali wa m'chipinda cha alendo

Ndinakhala zaka zambiri pa chikamwini kwa Chulu. Chipinda chimene tinkasungiramo fodya tinachisandutsa cha alendo. Ndinapaka laimu kawiri kuti fungo lithe, ndipo mkazi wanga anasoka katani ndi chitenje chake chobiriwira. Kuseri kwa chitseko ndinakhoma msomali woti mlendo azipachikapo jekete.

Mkazi wanga atamwalira, abale ake anandisudzula mwaulemu, ine n'kubwerera kwathu. Nyumba inatsala ndi ana.

Chaka chatha ndinapita kukawaona. Mwana wanga wamkazi anandilandira chikwama, nadutsa chipinda chimene ndinkagonamo ndi amayi ake, nanditsegulira cha alendo.

"Bambo, jekete mupachike apa," anatero akundilozera msomali uja.

Ndinathokoza, n'kupachika.