Chaka Chimene Tinaolotsa Mbatatesi Msewu

Nditangokwatiwa kumene, apongozi anga aakazi anandipatsa malo awo ogulitsira mbatatesi pa Lizulu. Miyendo inali itayamba kuwavuta, ndipo ankati mphepo ya pamenepo njofunika a magazi otentha. Anandisiyira ndowa zitatu ndi mnzawo wa benchi limodzi, mayi ena ataliatali ogulitsa kabichi. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa malonda, ngakhale kasanjidwe koti ndowa izioneka yosefukira.

Pa Lizulu msewu waukulu ndiwo malire. Mbali ino ndi Malawi, tsidya linalo ndi Mozambique, koma anthu ake ndi amodzimodzi. Timakwatirana, maliro timakhuza limodzi.

M'mawa uliwonse kunkabwera bambo odula matikiti a msika, kachikwama kali m'khwapa. Tinkapemphera nawo mpingo umodzi ndipo ankaimba besi m'kwaya, choncho kuwazemba kunali kochititsa manyazi. Chaka china tikiti inakwera, pomwe feteleza nayenso anali atakwera kale. Ife tinakwezako mtengo wa ndowa. Anzathu a tsidya lija sanakweze, poti kwawoko kunalibe chosintha. Basi ikaima, okwera ankatifunsa mtengo, n'kugwedeza mutu, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati kukubwera galimoto, n'kuoloka. Tinkangowaona akubwerako ndi majumbo odzaza, ena n'kumatipatsanso moni podutsa.

Patatha masiku angapo zili choncho, mayi a kabichi aja anaimirira n'kumanga chitenje mwamphamvu.

"Mwanawe, ogula akuoloka. Nanga ife wina watimanga miyendo?"

Kutacha tinasenza katundu n'kuoloka. Msuweni wawo anali ndi golosale kumeneko, ndipo anatilola kukhala pakhonde. Tsiku limenelo ndowa zanga zinatha dzuwa lisanapendeke. Bambo a matikiti anafika pa benchi lathu n'kupeza palibe munthu. Atatiwona, anaima m'mphepete mwa phula, navula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, alendo a kunja?" anatero mokweza.

Tinaseka mpaka misozi. Ndinawayankha kuti kunja kuno kulibwino, koma akafuna kudzatichezera abwere opanda kabuku kawo.

Sabata isanathe, amayi ambiri a mzere wathu anatitsatira. Apa ndi pamene zinayamba kuwawa anthu amene sankagulitsa n'komwe ndiwo zamasamba. Wa chiwaya cha tchipisi ankadandaula kuti mafuta akungopsa chabe. Mwini tiyirumu anati masikono akumuumira. Munthu akaoloka kukagula kabichi, ankamweranso tiyi komweko.

Nafenso kutsidyako sikunakome nthawi yaitali. Eni malo anayamba kutiyang'ana ndi diso lofiira chifukwa tinkawapanikiza. Kenako kunatulukira wamatikiti wakumeneko, ndi kabuku kake ka Chipwitikizi. Sindinamve liwu n'limodzi lomwe, koma dzanja lotambasula silifuna womasulira. Tinalipira. Mvula itayamba, khonde la msuweni uja linatichepera, ndipo mbatatesi zanga zinanyowa kawiri.

Choncho akuluakulu a msika wa mbali ya Malawi ataitanitsa msonkhano, tonse tinapita mosanyinyirika. Anafotokoza bwinobwino kuti ndalama za matikiti ndi zimene zimalipira osesa ndi kuchotsa zinyalala. Mayi a kabichi ndiwo anakweza mkono. Anati palibe amene akukana kulipira, ndipo msika wosasesa sauyendera munthu.

"Komatu bwana, ife tikakweza mtengo timaikapo basela, kuti wogula asathawe. Inu mwakweza. Basela wanu ali kuti?"

Anthu anaomba m'manja, amayi ena n'kululutira. Ngakhale akuluakulu aja anaseka, mmodzi mpaka kupukuta magalasi. Zokambirana zinatenga nthawi, njala n'kutipweteka, koma tinamvana. Tikiti sinabwerere pakale, ayi. Anagwirizana kuti ife a ndowa tizilipira mocheperapo kusiyana ndi opikulitsa matumba pa malole, ndiponso kuti mzere wathu aufolere ndi malata.

Malatawo anabwera mvula ili pafupi kutha, koma anabwera. Tinaolokanso ndi ndowa zathu, wa tiyirumu n'kutilandira ndi tiyi wamkaka waulere. Si tonse amene tinabwerera. Mtsikana wina wa tomato anatsalira komweko, ndipo mpaka pano ndi amene amakhala pa kauntala m'golosale ya msuweni uja, poti anakwatirana, ana awo ali atatu.