Salmo la Amayi ndi Njinga ya Agogo

Chiperoni cha chaka chimene ndinali mu Sitandade 4 ndimachikumbukira ndi mawu a amayi anga. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri n'kukwirira minda ya tiyi, zovala pachingwe osauma, ndipo amayi ankaimba akusesa pakhonde, mawu awo akukwera mokhotakhota ngati utsi wa nkhuni zaziwisi.

Amayi anabadwira ku Chinakanaka, mwana wa mwalimu wa ku madrasa. Bambo awo ndi amene anawaphunzitsa nyimbo za Chiarabu zotamanda Mulungu, ndi kasungidwe ka mpweya m'chifuwa. Atakwatiwa ndi bambo anga, Mkhristu yemwe anali kalaliki pa esiteti, agogowo anasiya kuwalankhula. Ine ndinkangowaonera patali pamsika, atavala mkanjo woyera.

Ku Mishoni kunali namwino wachizungu woliza limba. Iyeyu anaphunzitsa amayi kuwerenga manotsi ndi kuimba nyimbo zakalekale za kwawo. Chaka chimenecho makwaya ambiri ankadzakumana m'tchalitchi chathu, ndipo amayi anasankhidwa kuimba okha salmo la Davide. Mphunzitsi wa kwaya, a Namaona, sanakondwe ndi kaimbidwe kawo.

"Amake Esinati, mawu muli nawo, koma mukuwakhotetsa ngati muli kumzikiti. Tsatirani zolembedwa."

"Zolembedwa nditsatira, aphunzitsi," anayankha amayi, "koma khosi ndili nalo limodzi lomweli."

Masana amayi ankabwera kuchokera kokonzekera nyimbo za chipani, kumene mayi aliyense sankayenera kujomba, mawu atasasa. Ankamwa madzi ofunda a mandimu, kenako n'kuyamba salmo lija, ine ndikumenya supuni pachitini kuti asathamange. Kutatsala sabata kuti makwaya akumane, anandituma kwa agogo ndi kalata yowaitana kudzamva salmolo. Anaiwerenga ataimirira, n'kuipinda kanayi, n'kundifunsa dzina langa lokha basi.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza, chikununkha majuzi onyowa ndi polishi. Amayi anayamba mowongoka monga a Namaona anafunira. Atafika pakati anatsinzina, mawu aja n'kupindika, kukwera, kunjenjemera pamwamba osagwa. Namwino uja anaimika manja pang'ono, kenako limba linayamba kuwatsata pambuyo mwakachetechete. Atamaliza, amayi ena kumbuyo anayambitsa nthungululu. A Namaona anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. Ine ndinauza mtsikana amene ndinakhala naye, yemwe sindinkamudziwa n'komwe, kuti amenewo ndi amayi anga.

Titatuluka tinapeza agogo pansi pa mtengo wa mbawa pafupi ndi windo, atagwira njinga, mkanjo utanyowa m'mapewa. Amayi anagwada pamatope pomwepo.

"Dauda, Davide wanuyo, ndi mneneri wathunso," anatero agogo. "Koma mpweya unakuthera panjira chakumapeto kuja. Ndinakuphunzitsa choncho ine? Ubwere Lamlungu masana, tidzakonze."

"Ndibwera, Baba," anayankha amayi, misozi ili mbwembwembwe.

Ndinakwiya njira yonse yobwerera kunyumba. Anthu onse aja anayamikira, koma mkulu mmodzi wopalasa njinga m'mvula anangobwera kudzaliza amayi anga.

Pambuyo pake amayi anaimba m'maukwati a Asilamu ndi a Akhristu, anaitanidwa ku Blantyre, ndipo mawu awo tinawamva pa wailesi. Oyamikira sanasowe. Koma ndinachita kukula kuti ndimvetse kuti agogo sankadziwa kupepesa, ndipo munthu sakonza kaimbidwe ka mwana amene anamutaya. Tsiku lija ine ndinamva chidzudzulo. Amayi anamva bambo awo akuwaitana kunyumba.