Chala Changa M'buku la Masamu

Tinabwera ku esiteti ya fodya pafupi ndi Nsaru ndili mu Sitandade 5, kuchokera ku Phalombe. Bambo analembedwa utenanti, ndiye kuti tonse m'nyumbamo tinali matenanti, ngakhale ife ana sanatifunse. Kuyambira Januwale mpaka Epulo ndinkathyola fodya m'mamawa ndisanapite kusukulu, ndikaweruka n'kukhala m'chigafa ndi amayi kusoka masamba. Fodya wamuwisi ali ndi phula. Limamata m'manja, fumbi n'kukakamira pomwepo, manja n'kuda mpaka m'zikhadabo. Sopo amangodutsa pamwamba.

Mu Sitandade 8 kalasi inali yodzaza, koma mabuku a masamu analipo khumi ndi awiri okha. Lachisanu lililonse aphunzitsi athu ankabwereketsa mabukuwo kuti ena akawerenge kunyumba, mayeso a boma ali pafupi. Tinkaima pamzere n'kuonetsa manja. Ana a matenanti tinalipo asanu ndi mmodzi, tonse akummwera, ndipo palibe mmodzi wa ife anatengapo buku.

"Tembenuza," ankatero akafika pa ine. "Iwe Mnguru, manja amenewa ukufuna ugwire nawo buku la boma?"

Anzathu ankaseka. Aphunzitsi ankadikira kuti phokoso lithe.

"Ine sindisankha mtundu. Madzi ndi aulere. Wofuna buku asambe."

Lolemba ankatipatsa mayeso ochokera m'buku lomwelo. Tikalephera ankakweza mapepala athu m'mwamba. "Mwaona? Anthu awa palibe amawapondereza. Ndi ulesi basi, wochokera nawo kwawo."

Ine pakamwa ndi polemera. Ndiye ndinkangolemba zonse m'kope langa lachinsinsi, mawu awo monga momwe anawanenera.

Nditafotokoza kunyumba, bambo anakhala mbali ya aphunzitsi.

"Sakunama. Munthu umadzithandiza wekha. Ukamati akundida, akundida, udzafera m'chigafa muno. Samba."

"Asambe kangati, bambo ake?" anatero amayi, singano ili m'manja. "Nanga fodya wa mawa athyola ndani, aphunzitsiwo?"

Ndinakhulupirira bambo, chifukwa zonena zawo zinkandipatsa chochita. Ndinapempha amayi kuti sabata imodzi ndisakhudze fodya. Anavomera, mizere yanga n'kuiwonjezera pa yawo. Ine ndinkapita kudambo kukakhula manja ndi mchenga, kenaka phulusa, kenaka mandimu. Khungu linang'ambika pakati pa zala, mandimu akalowamo ndinkaluma mlomo. Pofika Lachisanu manja anali mbuu, zikhadabo zowenga bwino.

Aphunzitsi anawayang'ana nthawi yaitali, kuseri ndi kuno.

"Wayesetsa, eti?" Anakanda kumutu ndi choko. "Koma kwanu kuja m'zisakasa mumadontha. Buku linyowa."

Analipereka kwa mtsikana amene anali kumbuyo kwanga, mwana wa mwini chigayo.

Kunyumba ndinapeza amayi atakhala pansi m'chigafa, miyendo atatambasula, akulephera kuwerama chifukwa cha msana. Anayang'ana manja anga opanda kanthu. Ndinakhala pambali pawo n'kutenga singano. Loweruka ndi Lamulungu ndinasoka fodya wochuluka kuposa masiku onse, ndipo sindinakhule manja. Ndinkafuna phula likhale lokhuthala.

Lolemba mabuku anabwezedwa n'kuunjikidwa patebulo. Inali nthawi yanga yosesa m'kalasi pa buleki. Nditatsala ndekha ndinatsegula buku lapamwamba n'kudinda chala chachikulu pa tsamba loyamba. Chinatuluka bwino, mizere yake yonse ikuoneka. Ndinapitiriza tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, phula likachepa n'kusintha chala. Ndinkadinda m'mphepete, kusamala kuti ndisaphimbe manambala. Ndinkaona m'maganizo nkhope ya aphunzitsi akulitsegula, ndipo ndinkafuna ziwapweteke ngati mandimu aja.

Analipeza tisanayambe n'komwe phunziro. Anatiitana asanu ndi mmodzi tonse kutsogolo.

"Wachita izi ndani?"

Tinatambasula manja. Onse anali akuda mofanana. Mnzathu wina wamkulu, amene ankabwereza kalasiyo kachiwiri ndipo analibenso choopa, anati, "Mwina ndi oyera manjawa, aphunzitsi. Ife buku sitilidziwa n'komwe kuti limatsegulidwa mbali iti."

Kalasi inaseka, ulendo uno osati ife. Anatilamula kukumba dzenje la zinyalala kuseri kwa zimbudzi, masiku awiri, ena akuphunzira. Dothi linali lonyowa ndi lolemera. Tsiku lachiwiri ndinawauza anzangawo chapansipansi kuti ndinali ine, ndipo ndinapepesa. Wamkulu uja anati, "Timadziwa. Anasesa ndani? Kumba, usatitayitse nthawi."

Titabwerera m'kalasi, aphunzitsi ananyamula buku lija ndi nsonga za zala n'kuliponya kumbuyo kumene tinkakhala.

"Tengani. Lafanana nanu."

Tinalitola. Tinkasinthana, aliyense tsiku lake, titalikulunga m'jumbo ya shuga kuopa mvula. Silinanyowepo. Koma panali patangotsala masabata ochepa, ndipo buku limodzi silikwanira anthu asanu ndi mmodzi amene anatsalira chaka chonse. Kusekondale tinasankhidwa awiri. Wamkulu uja sanasankhidwe. Pano ali ndi mwana, akusoka fodya pa esiteti ina cha ku Kabudula.

Mng'ono wanga ali m'kalasi mwa aphunzitsi omwewo chaka chino. Akuti aphunzitsi amanditchula pa asembule. Amati, "Uja anali mwana wa tenanti, koma taonani khama. Enanu chikukuvutani n'chiyani?" Kenaka Lachisanu amayendera manja.

Zimenezi zimandiwawa kuposa dzenje lija. Sindikufuna dzina langa likhale ndodo yawo yomenyera ena. Ndimafuna tsiku lina nditaima pa asembule pomwepo, ana onse ali chete, ndiwauze kuti buku lija ndinalidetsa ndine, kuti nditasamba aphunzitsiwo sanandipatse, ndipo ndiwawerengere mawu awo onse m'kope langa mmodzimmodzi mpaka asowe poyang'ana. Pakali pano ndikakumana nawo pamsika wa Nsaru ndimapinda maondo n'kupereka moni, iwo n'kumwetulira. Sindinawakhululukire, ndipo sindikufulumira.