Tsiku Limene Tonse Tinasanduka Alamu Anga

Alamu anga, akulu awo a bambo a mwana, sasunga dzina la munthu m'mutu. Aliyense kwa iwo ndi ujeni. Ine ndakhala pabanjapa mpaka kubereka, koma ndikadali "aujeni a mng'ono wanga". Munthu ameneyu ndiye amene chipatala cha ana chinam'patsa ntchito yolemba pulogalamu yozindikira amene walowa pa webusaiti yawo.

Amagwirira m'kachipinda kuseri kwa shopu yokonza mafoni, muli tebulo lopendekeka ndi fani yopanda chivindikiro. Pachitseko analemba okha kuti Injiniya Wamkulu. Wamng'ono palibe.

Mwana wanga atayamba kupuma molira ngati kamphaka, ndinalowa pa webusaitiyo kuti ndisungitse malo kwa dokotala. Ndinalemba dzina langa ndi pasiwedi. Pamwamba panatuluka chithunzi cha alamu, ndevu zili pwirikiti. Ndinadabwa, koma ndinasungitsabe.

Kuchipatala anesi anayang'ana pa kompyuta n'kupukusa mutu.

"Mayi, simulipo. Lero malo onse ndi a bambo mmodzi. Chifuwa ndi iwo, sikelo ndi iwo, katemera wa chikuku ndi iwonso."

Pabenchi panali azimayi anzanga. Onse anali atabwezedwa.

Ndinathamangira kukachipinda kuja, mwana ali kumsana.

"Si nkhani yaikulu, aujeni," anatero alamu akupukusa mpando. "Munthu akalowa, seva, kompyuta yosunga webusaitiyo, imam'patsa kachizindikiro. Pulogalamu imayenera kufunsa kachizindikiroko kuti uyu ndi ndani. Koma poyesa ndinkatopa n'kulowalowa, ndiye ndinangolemba kuti wolowa aliyense ndine. Ndimati ndichotsa."

"Ndiye chotsani, alamu!"

"Zimenezi sitithamangira. Mabwana avomereze kaye."

Ndinatsitsa mwana. Tinthiti take tinkalowa m'kati akamakoka mpweya. Mantha anandichotsa manyazi onse.

"Malo ndi anu, eti? Nyamukani."

Anesi ataitana dzina lawo, alamu analowa atanyamula mwana ngati kompyuta yobwereka, ine ndili pambuyo. Adokotala anawayang'ana ndevu, anayang'ana mwana, sanafunse zambiri. Anamuika kachipangizo kopumira mankhwala, ndipo kulira kwa m'chifuwa kuja kunayamba kuzilala mpaka anagona.

Potuluka tinapeza azimayi aja ali pamzere, aliyense atatambasula mwana wake.

"Bambo, sikelo ndi inunso. Landirani."

"Wanga akatha uyo, bambo. Musaope, jakisoni sabaya inu."

Injiniya Wamkulu anaweruka dzuwa litapendeka, malaya ali chonyowa ndi mkaka wobwezedwa. Zija analemba m'pulogalamu zoti wolowa aliyense ndi iwo anazichotsa tsiku lomwelo, mabwana osawafunsa.

Masiku ano webusaiti imandilonjera ndi dzina langa, ngakhale ndimayamba ndayang'anitsitsa chithunzi ndisanadine kalikonse. Eni ake dzulo anabwera kudzaona mwana.

"Kaujeni kagona bwanji, aujeni?"