Templeti Imene Ndinatchera Alamu Anga

Ndine amene ndinaipitsa masamba onse a maesiteti a tiyi a ku Thyolo pa insaikulopediya ya pa intaneti imene aliyense amalembamo. Ndinkafuna kuipitsa tsamba limodzi lokha, lolembedwa ndi alamu anga a Namaona, kalaliki wa kufakitale.

Iwo anafufuta chiganizo changa chonena za nyengo yotchola tiyi. Chinalidi cholakwika, koma anakalengeza paukwati ku Bvumbwe ponyoza ine mtolankhani: "Atolankhani athuwa tiyi amangomudziwira m'kapu!" Ngakhale mkazi wanga anaseka.

Ndinapita pakafe ya intaneti ku Limbe kuti ndikalembe patsamba lawolo kuti, "Wolemba uyu ndi wabodza." Chifukwa cha phuma, mawuwo ndinawalemba mu templeti, kabokosi kamene ukakasintha kamasintha paliponse pamene kali. Kabokosiko kanali pamasamba onse a maesitetiwo, ndipo ambiri mwa masambawo ndinalemba ndine.

Alamu ataona dzina langa pamndandanda wa zosinthidwa, anaimba foni. "Alamu, mwadziulula nokha? Ndikonze, kapena anthu awerenge kaye?"

Ndinadula foniyo. M'malo mopepesa, ndikufufuzabe cholakwa patsamba lawo. Lachisanu likubwerali olemba anzathu adzavota ngati anditsekere kulemba, ndipo alamu adzavota nawo.